Phunziro: Mabotolo ndi zitini zotha ntchito, tizichita nazo chiyani?

Cholinga

Pomaliza phunziroli, membala aliyense athe kusiyanitsa mabotolo ndi zitini zobweza, zogulitsa, zogwiritsanso ntchito ndi zoopsa. Gulu ligwirizanenso za malo osonkhanitsira zinthuzi.

Nthawi: maola awiri.
Zofunika: matumba anayi, sikelo, maginito a sipika ya wailesi yakufa, msomali, kope la gulu.

Mawu oyamba

Mvula ikagwa, zinyalala za m'midzi ndi m'misika zimakokolokera m'mitsinje monga Linthipe, ndipo zimakathera m'nyanja. Zina zimatseka ngalande za m'madimba ndi m'minda ya mpunga. Zina mafunde amazilavulira pagombe ku Senga Bay kapena ku Chipoka, pomwe timatunga madzi ndi kuyanika usipa. Pulasitiki sawola ngati mapesi. Amangosweka tizidutswa tomwe nsomba zimameza. Mbuzi kapena ng'ombe ikameza majumbo imaonda, mwinanso kufa. Chitini chosiyidwa chagada chimasunga madzi momwe udzudzu umaswana. Kuwotcha sikuthandiza, chifukwa utsi wa pulasitiki umawononga mapapo.

Mu 2015 boma lidaletsa mapulasitiki opyapyala osakwana mamaikiloni 60, ndipo mu 2019 Khoti Lalikulu la Apilo lidagwirizana ndi lamulolo. Koma lamuloli likukhudza majumbo opyapyala. Za mabotolo ndi zitini, ntchito ili m'manja mwathu.

Tonse tikudziwa kuti botolo lagalasi la Fanta silitayidwa, chifukwa kugolosale limawerengedwa ngati ndalama. Ku Germany njira yomweyi amaigwiritsa ntchito pa mabotolo apulasitiki ndi zitini kuyambira 2003: wobweza amalandira masenti 25 pa chilichonse. Kuno botolo lapulasitiki lilibe dipoziti, koma ogula alipo. Tiyeni tiwadziwe.

Ntchito yoyamba: kutola ndi kusankha

Gawanani m'magulu a anthu asanu. Gulu lililonse liyende mphindi makumi awiri m'munda wa sukulu, m'ngalande kapena pagombe, likutola mabotolo ndi zitini. Botolo la mankhwala musaligwire ndi manja osavala kanthu. Mukabwerako, sankhani m'matumba anayi.

Thumba loyamba: mabotolo agalasi obweza. Awa abwerere kugolosale osasweka.

Thumba lachiwiri: mabotolo apulasitiki a madzi ndi zakumwa. Ambiri pansi pake pamakhala nambala 1. Abwinobwino okhala ndi zivindikiro amagulidwa ndi ogulitsa thobwa ndi mafuta ophikira. Ophwanyika apondeni kuti achepe, muwasunge padera.

Thumba lachitatu: zitini. Yandikizani maginito. Chomwe chakana kumata ndi aluminiyamu, yomwe opanga mapoto osungunula amaifuna, ndipo mtengo wake umaposa wa chitsulo wamba. Chomwe chamata ndi chitsulo. Musaziphatikize, chifukwa wogula akaona zosakaniza amatsitsa mtengo.

Thumba lachinayi: mabotolo a mankhwala opopera mbewu ndi osambitsira ziweto.

Chenjezo

Botolo la mankhwala lisalowe m'thumba la malonda ngakhale litaoneka loyera bwanji. Pulasitiki amamwa mankhwala, ndipo sopo sawachotsa onse. Mukaligulitsa, mawa mudzalipeza pamsika muli thobwa, womwayo mwina ndi mwana wanu. Mankhwala akangotha, thirani madzi pang'ono m'botolomo, tsekani, khutchumulani, ndipo madziwo muwathire m'sipuleya. Chitani zimenezi katatu. Kenako libooleni pansi, mulisunge pamalo okiya, ndipo mufunse alangizi za katayidwe kake. Musatsukire kunyanja, kumtsinje kapena pamjigo.

Botolo loti muikidwenso chakumwa litsukidwe ndi sopo ndi madzi othira kolorini. Tisaiwale kolera wa 2022 ndi 2023, yemwe adapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno.

Ntchito yachiwiri: kuyeza ndi kuwerengera

Yezani thumba lililonse ndi kulemba m'kope. Muona kuti zinthuzi n'zopepuka: kuti kilogalamu imodzi ikwane pamafunika zitini za zakumwa pafupifupi 70. Munthu akanyamula kathumba kake yekha kupita nako ku boma, ndalama yonse ithera kwa wakabaza. Phindu lili posonkhanitsa pamodzi.

Choncho gulu lisankhe malo amthunzi, osafika ana ndi mbuzi, komanso anthu awiri: wolandira ndi wolemba. Membala aliyense azibwera ndi zomwe watola pa tsiku la sukulu, ndipo zizilembedwa pa dzina lake. Musanagulitse, funsani mitengo kwa ogula osachepera atatu, ndipo muyambe mwayeza pa sikelo yanu. Gwirizanani ngati ndalamazo muzigawana kapena zizilowa ku banki mkhonde.

Ntchito yachitatu: botolo lothirira

Tengani botolo la malita awiri. Boolani timabowo tiwiri kapena titatu chakumunsi ndi msomali wotentha. Likwirireni pafupi ndi phata la tomato, kukamwa kuli kunja, ndipo mudzazemo madzi. Madzi amatsikira kumizu pang'onopang'ono, zomwe zimathandiza pa dothi lathu lamchenga. Yesani pa mzere umodzi, wina muzithirira ndi keni monga mwa masiku onse. Sabata iliyonse lembani madzi omwe mwathira ndi kakulidwe ka mbewu. Mukakolola, fukulani mabotolo onse, asatsale m'nthaka.

Mafunso okambirana

1. Ndi thumba liti lomwe ladzaza kwambiri? Zinthuzo zikuchokera kuti?
2. Ndani amagula mabotolo kapena zitini m'dera lathu, ndipo amabwera tsiku liti?
3. Kunyumba kwanu mabotolo a mankhwala mumawasunga pati?
4. Tingagwire bwanji ntchitoyi limodzi ndi amfumu komanso komiti ya pagombe?

Ntchito ya kunyumba

Lero lomwe, yang'anani m'nyumba, m'khola ndi kudimba. Botolo lililonse la mankhwala lomwe mukusungiramo mchere, mafuta kapena madzi lichotseni, mulibowole. Sabata yamawa aliyense adzafotokoze zomwe wapeza, ndipo adzabwere ndi thumba lake losankha kale.