PHUNZIRO: MALUWA A PAKHOMA NDI NTHAKA YATHU

Kuwerenga: Genesis 2:7 ndi 2:15

Amayi anzanga, ambiri a ife tinakulira m'nyumba zozira. Khirisimasi ikayandikira, amayi athu ankapita kudambo kukakumba makande, kwina n'kukatapa katondo wofiira, kuwonjezerapo phulusa lapamoto. Akatha kuzira pansi ndi pakhonde, ankajambula maluwa, mizere ndi mbalame pakhoma ndi zala zawo. Koma Khirisimasi imafika m'dzinja, ndipo pasanathe miyezi iwiri mvula inali itatsuka zonse. Iwo sankadandaula. Dothi linali litabwerera kumene linachokera, ndipo chaka chamawa ankakatapanso.

Pamene ndinkagwira ntchito ya unamwino ndinaonanso phindu lina la mwambowu. Nkhufi zimabisala m'ming'alu ndipo matekenya amaswana m'fumbi. Nyumba yoziridwa kawirikawiri imatseka ming'aluyo ndi kuchepetsa fumbi. Koma kuzira kamodzi sikukwanira, kumafuna kubwereza.

Genesis 2:7 akutiphunzitsa kuti munthu anaumbidwa ndi dothi, ndipo ndime 15 ikuonetsa kuti ntchito yake yoyamba inali kulima munda ndi kuusamala. Amayi athu ankadziwa kuti dothi ndi lobwereka. Ankatapa lokwanira tsiku limenelo basi.

Nanga ife lero? Tadula mitengo m'mapiri, tikulima mpaka m'mphepete mwa mitsinje, ndipo mapesi timatentha. Mvula ikagwa, mitsinje imafiira: imeneyo ndi minda yathu ikupita. Tikumbukire mwezi wa Malichi 2023, pamene namondwe Freddy anagumula matope kuchokera m'phiri la Soche ku Blantyre, n'kukwirira nyumba ndi abale athu. Duwa lapakhoma likafufutika timajambula lina, koma nthaka yachonde ikakokoloka, ngakhale zidzukulu zathu sizidzaiona itabwerera.

Choncho munda nawo umafuna kuusamala chaka ndi chaka: kukonza akalozera, kubzala udzu wa vetiva, kukwirira mapesi, kupanga manyowa ndi kubzala mitengo.

Mafunso okambirana
1. Kwanu amatapa kuti dothi lozirira? Kodi malowo akadalipo?
2. Kodi ana athu aakazi tawaphunzitsa kuzira?
3. Gulu lathu lichitepo chiyani mvula isanayambe?

Pemphero
Ambuye, munatiumba ndi dothi ndi kutipatsa minda. Tikhululukireni pamene taononga, ndipo mutipatse manja osatopa kusamala nthaka. Amen.