Kusankha kokapumula m'nyengo yozizira mnzako wa m'banja akakwanitsa zaka 50

Munthu akakwanitsa zaka 50 kapena 60, abale amathamangira kuganiza za phwando: tenti, mipando yobwereka, mbuzi, mpunga ndi zoimbira. Phwando ndi labwino, koma amene amatopa nalo kwambiri amakhala mwini tsikulo, makamaka akakhala mayi. Amalawirira kukayang'anira miphika, tsiku lonse n'kumalonjera alendo, madzulo n'kumawerenga mbale zomwe zasowa. N'chifukwa chake mabanja ena amasankha kuti bambo ndi mayi atuluke awiriwiri, akagone masiku awiri kapena atatu kwina m'dziko momwe muno, akapitidweko mphepo. Ulendo wotere sulira pasipoti kapena ndalama zakunja.

Tsikulo likagwa mu Juni kapena Julayi, zambiri zimakhala zili bwino. Mvula yatha, misewu yafumbi yauma, udzudzu wachepa, ndipo amene analima fodya, soya kapena mtedza amakhala atagwirako kangachepe. Chovuta ndi kuzizira. Wokonza ulendo asanafunse mtengo wa chipinda, ayambe wafunsa kuti kumaloko kukuzizira bwanji, ndipo thupi la mwini tsikulo lingapirire kapena ayi.

Chifukwa chake kwina kumazizira kuposa kwina

Miyezi imeneyi dzuwa limadutsa chakumpoto, silifika pamutu penipeni. Masana amafupika, moti 6 koloko isanakwane kumakhala kutada kale. Nthaka siitenthedwa mokwanira, ndipo usiku kukakhala kopanda mitambo, kutentha pang'ono komwe inasunga kumathawira kumwamba. Ndiye kuzizira kwa m'bandakucha kuja.

Koma dzuwa ndi lomwelo ku Nsanje ndi ku Dedza. Chomwe chimasiyanitsa malo awiriwa ndi kukwera kwake. Mpweya wa pamalo okwera ndi wopepuka ndipo susunga kutentha. Munthu akakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Kukwera kwa malo amakuyeza kuchokera pa nyanja ya mchere. Nyanja ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 470. Lilongwe ndi Blantyre apitirira pang'ono mamita 1,000. Tawuni ya Dedza ili pa mamita pafupifupi 1,600, Chelinda ku Nyika wapitirira 2,000, ndipo nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje ili pa 3,002. Chigwa cha Shire, ku Chikwawa ndi ku Nsanje, ndiye chotsikitsitsa m'dziko lonse.

Amene anatsikapo msewu wa Khwekhwerere kuchokera ku Dedza kupita ku Golomoti amazidziwa izi ndi thupi lawo. Pamwamba anthu amakwera galimoto atavala majekete ndi zipewa zoluka, magalasi ali otseka. Msewu ukamapindapinda kutsika, makutu amatseka, wina amayamba kumasula mabatani, ndipo pofika pansi pomwe pali milambe aliyense jekete waiika pamiyendo. Mtunda wake ndi waufupi, koma galimoto yatsika mamita pafupifupi 1,000.

Choncho bambo amene amadandaula mawondo kukazizira, kapena mayi wodwala mphumu, akasangalala kunyanja kapena kuchigwa. Amene amakhala kotentha chaka chonse, monga ku Nchalo kapena ku Karonga, mwina amalakalaka kamphepo ka kuphiri ndi tiyi wotentha pakhonde.

Kunyanja kuli mwera

Nyanja ili ngati mphika waukulu wa madzi osamba: imachedwa kutentha, imachedwanso kuzizira. Usiku wa ku Senga Bay, ku Mangochi kapena ku Chintheche suluma ngati wa ku Lilongwe. Masana dzuwa limakhala lofewa, munthu amatha kukhala pamchenga osapsa mapazi ngati mu Okutobala.

Koma iyi ndi nyengonso ya mwera, mphepo yamphamvu yochokera kummwera chakum'mawa. Imatsata kutalika kwa nyanja, ndipo ikamapita kumpoto mafunde amakulirakulira. Imatha kuwomba masiku angapo osaleka. Asodzi amakokera mabwato kumtunda, nsomba zimachepa, mtengo wa chambo ndi kampango n'kukwera. Nthambi yoona zanyengo imachenjeza pa wailesi mwera ukamabwera, ndipo chenjezo limeneli si la asodzi okha. Banja lomwe lakonza zokwera boti kupita pa chilumba cha Thumbi ku Cape Maclear, kukaona tinsomba tamawangamawanga ta mbuna ndi nkhwazi zikutsomphola nsomba pamadzi, linyamuke m'mawa nyanja ikadali bata, ndipo lisakwere boti lopanda majekete oyandamitsa. Mwini boti akanena kuti lero nyanja yakalipa, asamukakamize chifukwa choti ndalama zalipidwa kale.

Ulendo wa pa sitima ya Ilala kupita ku Likoma, kukaona tchalitchi chachikulu cha St Peter's, ndi wosaiwalika. Sitimayi yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951. Koma nthawi ya mwera imagwedezeka, ndipo kutsika pa sitima kulowa m'boti laling'ono mafunde ali pamwamba si ntchito ya munthu wa msana wovuta. Ulendowu umafunanso masiku ambiri.

Udzudzu kunyanja sutha ngakhale m'chisanu, choncho neti ikhalepo pabedi, yopanda zibowo. Nkhono za likodzo zimapezeka makamaka m'madzi odekha a m'mabango. Amene wasamba m'nyanja n'kuona magazi mu mkodzo pakapita milungu ingapo apite kuchipatala. Mankhwala ake alipo.

Kuphiri kuli chiperoni

Ku Thyolo, Mulanje, Blantyre ndi Zomba kumabwera chiperoni, mvula yowaza yamawawa pamodzi ndi nkhungu. Imabwera ndi mpweya wachinyezi wochokera ku nyanja ya mchere kudzera ku Mozambique. Mpweyawo ukagunda mapiri umakwera, n'kuzizira, n'kusanduka mitambo. Chiperoni chikagwira chimatha masiku awiri kapena atatu, ndipo amene anapita pa phiri la Zomba kuti akaone chigwa chonse ataima pa Emperor's View amangoona zoyera. Chikachoka, kumwamba kumayera mwakuti Mulanje ndi nyanja ya Chilwa zimaoneka bwinobwino.

Phiri la Zomba ndi labwino kwa anthu a msinkhu umenewu chifukwa galimoto imafika pamwamba. Pali damu la Mulunguzi, mathithi a Williams, tinjira ta m'nkhalango ya paini, ndi anyamata ogulitsa zipatso za kuphiri m'mbali mwa msewu. Ku Mulanje si onse oyenera kufika pa Sapitwa. Kuyenda kuchokera ku Likhubula kukafika pa mathithi a Dziwe la Nkhalamba n'kubwerera tsiku lomwelo kumakwana, ndipo operekeza amapezeka pa ofesi ya zankhalango pomwepo. Madzi a padziwepo ndi ozizira kwambiri komanso akuya, kuwaona n'kokwanira.

Nyika ndi kokongola, kuli mbidzi ndi nchefu poyera, koma ndi kutali, mbali yaikulu ya msewu wochokera ku Rumphi ndi yafumbi, ndipo mu Juni ndi Julayi udzu umadzuka utayera ndi chisanu. Kumafuna galimoto yolimba ndi thumba lolemera.

Za mbaula m'chipinda

Apa ndi pamene wowerenga ayenera kuchedwapo. Malo ena ogona alendo otsika mtengo m'madera ozizira alibe chotenthetsera chipinda, ndipo magetsi akazima mlendo amapempha mlonda kuti amubweretsere mbaula. Amaiika pafupi ndi bedi, amatseka chitseko ndi mawindo, ena amatsekanso mpata wa pansi pa chitseko ndi chitenje kuti mphepo isalowe. Anthu amafa ndi zimenezi, ndipo nthawi zina amafa onse amene anagona m'chipindamo.

Makala akamayaka amatulutsa mpweya woipa wotchedwa carbon monoxide. Mpweyawu suoneka ndipo sununkha. Anthu ambiri amaganiza kuti choopsa ndi utsi, ndiye amadikira makala afiire, utsi uthe, kenako n'kulowetsa mbaula. Makala ofiira opanda utsi amatulutsabe mpweyawo. Ukalowa m'mapapo umakakamira m'magazi n'kulanda malo a mpweya wabwino. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka. Amene ali maso amaganiza kuti ndi kutopa kwa ulendo. Amene wagona sadzuka n'komwe.

Mbaula yothera moto ikhale pakhonde kapena panja. Nthawi yogona ikakwana, isalowe m'chipinda ngakhale makala ataoneka ngati azima. Ngakhale pomwe pali chumuni ndi nkhuni, kawindo kakhale kotsekula pang'ono. Wina akapezeka atafooka m'chipinda momwe muli makala, zitseko zitsekulidwe, atulutsidwe panja msanga, ndipo apite naye kuchipatala ngakhale atatsitsimuka. Chofunda chenicheni ndi bulangeti lachiwiri, masokosi, chipewa, ndi botolo la madzi otentha lotsekedwa bwino, lokulungidwa m'chitenje, loikidwa kumapazi. Mowa nawo umanamiza: munthu amamva kufunda pakhungu pomwe thupi likutaya kutentha.

Kokaona nyama

Miyezi imeneyi udzu umayamba kuuma ndipo nyama zimasonkhana kumadzi, ndiye zimaoneka mosavuta. Ku Liwonde munthu amakhala pansi m'boti pa mtsinje wa Shire n'kumaona mvuu, ng'ona ndi njovu zikumwa madzi, osatopetsa miyendo. Ku Majete, ku Chikwawa, kumafunda bwino ndipo ndi pafupi ndi Blantyre. Bungwe la African Parks linayamba kusamalira Majete mu 2003 ndi Liwonde mu 2015, ndipo nyama zomwe zinatha, monga mikango, zinabwezeretsedwa. Mmalawi amalipira ndalama zochepa pachipata poyerekeza ndi mlendo wakunja, choncho chitupa cha unzika chisatsale kunyumba. Galimoto zoonera nyama zimanyamuka m'bandakucha ndipo n'zosatseka m'mbali. Jekete imafunika ngakhale kuchigwa.

Banja lokonda za chikhalidwe lingathe kugona ku Dedza, kukaona zojambula zakale pamiyala ku Chongoni, kenako n'kutsikira ku Mua kukaona nyumba yosungiramo za Achewa, Angoni ndi Ayao ku KuNgoni.

Ndalama zake

Ulendo uli ndi mabowo anayi otulukira ndalama: mayendedwe, pogona, chakudya ndi zolipira pachipata. Ambiri amawerengera pogona pokha, n'kukadabwa ndi mtengo wa chakudya. Pofunsa mtengo wa chipinda, munthu afunse ngati kadzutsa ali momwemo, ngati msonkho wa VAT ndi wa zokopa alendo zawerengedwa kale, ngati madzi osamba amatentha magetsi akazima, komanso ngati pali mtengo wa Amalawi, pakuti malo ambiri ali nawo koma sautchula kwa amene sanafunse. Juni mpaka Ogasiti ndi nthawi yomwe alendo akunja amachuluka, ndipo tchuthi cha pa 6 Julayi chimadzaza malo a kunyanja. Kupita pakati pa sabata kumathandiza kupeza chipinda chabwino mosalimbirana.

Woyenda pa galimoto yake pa msewu wa M1 akumbukire zipata zolipira za pa Chingeni ndi pa Kalinyeke, ndipo athire mafuta okwanira kubwerera asananyamuke m'tawuni.

Tsiku lobadwa silidzidzimutsa munthu. Limadziwika chaka chisanayambe. Amene wayamba kuika pang'onopang'ono ku banki m'khonde kapena kuchipereganyu miyezi isanu ndi umodzi isanafike safunika katapila. Ana omwe ali pantchito akhoza kugawana: wina mafuta, wina usiku umodzi. Kugulitsa chimanga cha m'nkhokwe kapena kudya ndalama ya feteleza chifukwa cha masiku atatu n'kudzipweteka. Ngati thumba likukwana usiku umodzi pa loji yaukhondo ku Salima, umenewo ndi ulendo ndithu.

Potumiza ndalama zosungitsira chipinda pa Airtel Money kapena Mpamba, munthu ayambe watsimikiza kuti nambalayo ndi ya malowo, makamaka ngati anaiona pa Facebook. Afunse kwa wina amene anagonako, ndipo uthenga wotsimikiza kuti ndalama zapita usafufutidwe.

Mwini tsiku afunsidwe

Abambo ena amakonda kubisa kuti adzadzidzimutse akazi awo m'mawa wa ulendo. Mtima wake ndi wabwino, koma mayi amene ali ndi geni pamsika, nkhuku m'khola ndi zidzukulu pakhomo sanyamuka choncho. Akhoza kukafika kunyanja thupi lokha, maganizo ali kwa amene atsekere nkhuku. Kufunsa kuti, "Mayi a kunyumba, mukadakonda kuona kuti?" sikuchepetsa mphatso. Yankho limatha kudabwitsa. Wina amafuna kukaona sukulu ya mishoni komwe anaphunzira. Wina anabadwira ku Mchinji ndipo nyanja amangoimva. Amayi nawonso asangoganiza kuti bambo akufuna kuphiri chifukwa ankakwera ali mnyamata.

Amene amamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi, a shuga kapena ma ARV atenge okwanira ndi kuwonjezerapo a masiku awiri, pamodzi ndi buku la kuchipatala, ndipo zikhale m'chikwama cha m'manja, osati m'katundu wokwezedwa pamwamba pa basi. Pakhomo patsale munthu wamkulu wodziwa komwe apita ndi tsiku lobwerera. Pobwerera anyamuke chakum'mawa, chifukwa kumada msanga, ndipo misewu ya ku Dedza, Thyolo ndi Chikangawa imagwira nkhungu madzulo pomwe njinga ndi ngolo zambiri zilibe nyali.