ELIYA PANSI PA MTENGO WATSANYA

Phunziro: 1 Mafumu 19

Eliya atapambana aneneri a Baala pa phiri la Karimeli, Yezebeli anamuopseza, ndipo iye anathawa. Pa Beereseba anasiya mnyamata wace, nalowa yekha m'cipululu ulendo wa tsiku limodzi, napempha kuti afe. Munthu wamphamvu wotere anataya mtima.

Tsono Mulungu sanayambe ndi kumdzudzula. Mngelo anampatsa mkate wootca pa makala ndi madzi akumwa. Iye anadya, nagona tulo, nadyanso. Pakuti thupi likatopa ndi kumva njala, mtima uona culu ngati phiri. Cotero munthu wobvutika m'maganizo asakane nsima, ngakhale mbamu imodzi, ndipo agone pa nthawi yace. Kacasu aiwalitsa usiku umodzi wokha. M'mawa cisoni cidzuka cacikulu koposa, ndi ndalama ya mcere yatha.

Pa Horebu Eliya anadandaula kuti watsala yekha, koma Mulungu anamuuza za anthu 7,000 osagwadira Baala. Cisoni cimanamiza cotere. Pamenepo anampatsa nchito, nampatsanso mnzace Elisa, amene anampeza alikulima ndi ng'ombe.

Mkazi wamasiye amene waleka kupita kucitsime ndi anzace, kapena mwamuna amene ng'ombe zace zafa nangokhala m'nyumba, asasiyidwe yekha. Akulu a Mpingo amcezere, amtenge kumunda ndi kupemphero. Cisonico cikapitirira masabata 2, tulo ndi cakudya zitamkanika, kapena akayamba kunena za kudzipha, abale amperekeze kucipatala msanga. Imeneyo ndiyo nthenda, ndipo icizika.