Phunziro 18: Azakhali anga ndi namwino

TIWERENGE

Ine ndili m'kalasi yoyamba. Kwathu ndi ku Angónia. Azakhali anga ndi namwino. Iwo amagwira nchito ku cipatala ca m'dera lathu.

Tsiku lina mng'ono wanga anatsegula m'mimba. Anafooka kwambiri. Amayi anam'bereka kumsana, ndipo tinapita ku cipatala.

Azakhali anatilandira.

"Alamu, mwana watani?"

"Watsegula m'mimba kuyambira dzulo," anayankha amayi.

Azakhali anasamba m'manja ndi sopo. Anaika mwana pa sikelo. Anawerenga: makilo 8. Anamuyeza kutentha kwa thupi. Anawerenga: 37. Zonsezi anazilemba pa khadi la mwana.

Kenaka anatenga kapaketi ka mankhwala a ufa ochedwa SRO.

"Alamu, muthire kapaketi konse m'madzi okwana lita 1. Madziwo akhale owiritsa ndi ozizira. Musacepetse madzi, cifukwa mcere ukaculuka umam'pweteka mwana. Muzim'mwetsa pang'onopang'ono. Musaleke kumuyamwitsa."

Pambuyo pathu panali agogo ena. Anali ndi mankhwala m'manja, koma mawu a pa botolo anali a Cipwitikizi. Agogowo sanadziwe kamwedwe kake. Azakhali anawerenga, ndipo anawafotokozera m'Cinyanja. Agogo anawomba m'manja nathokoza.

Patapita masiku atatu, mng'ono wanga anayambanso kuseka.

Madzulo ake ndinafunsa kuti, "Azakhali, kodi ine ndingakhale namwino?"

"Inde, mwana wanga. Ulendowo wauyamba kale."

"Ndauyamba liti?"

"Tsiku limene unalemba a, e, i, o, u. Namwino wosadziwa kuwerenga angapatse wodwala mankhwala olakwika. Namwino wosadziwa masamu angapereke mapiritsi atatu m'malo mwa awiri. Tsono iwe usajombe ku sukulu."

NJIRA YOPITA KU UNAMWINO

1. Maliza makalasi 6 a sukulu ya pulayimale.
2. Pitiriza sukulu ya sekondale. Imayambira kalasi 7 mpaka kalasi 12.
3. Limbikira Masamu, Cipwitikizi ndi maphunziro a Sayansi. Usaiwale Cinyanja.
4. Lemba mayeso olowera ku sukulu ya za umoyo. Mu mzinda wa Tete muli sukulu yotere. Dzina lake ndi Instituto de Ciências de Saúde de Tete.
5. Kumeneko udzaphunzira m'kalasi. Udzaphunziranso m'cipatala, pambali pa anamwino akale.

Ena amaphunzira kusamalira odwala onse. Ena amaphunzira kusamalira amayi apakati ndi ana. Iwowa amabereketsa amayi, amaika ana pa sikelo ndi kuwapatsa katemera. Amene afuna maphunziro apamwamba a unamwino angapite ku sukulu ya ISCISA, ku Maputo.

KODI NCHITOYI NDI YOPEPUKA?

Iyayi, si yopepuka. Namwino amagwira nchito usiku, ena ali mtulo. Amatsuka zilonda. Amaona magazi. Nthawi zina amatumizidwa kutali ndi kwawo.

Namwino wabwino sakalipira wodwala. Saulula matenda a munthu kwa ena. Akapanda kudziwa cinthu, amafunsa anzake kapena adokotala.

KODI MUKUDZIWA?

Unamwino ndi nchito ya akazi ndi amuna omwe. Samora Machel anali namwino. Iye anabadwa m'caka ca 1933 ku Chilembene, m'cigawo ca Gaza. Anaphunzira unamwino ku Lourenço Marques, mzinda umene lero ndi Maputo. M'caka ca 1975 anakhala mtsogoleri woyamba wa dziko lathu la Mozambiki.

Tsiku la 12 Meyi ndi tsiku la anamwino pa dziko lonse lapansi. Pa tsikuli, m'caka ca 1820, anabadwa namwino wochuka, Florence Nightingale.

MAWU ATSOPANO

Cinyanja: Cipwitikizi
namwino wamkazi: enfermeira
namwino wamwamuna: enfermeiro
cipatala: hospital
mankhwala: remédio
katemera: vacina
wodwala: doente

TIYANKHE

1. Kodi mwana anadwala ciyani?
2. Azakhali anacita ciyani asanagwire mwana?
3. Kapaketi ka SRO timathira m'madzi oculuka bwanji?
4. Cifukwa ciyani agogo sanadziwe kamwedwe ka mankhwala?
5. Chulani zinthu ziwiri zimene namwino wabwino sacita.

TICITE

Werengani ndi kuwomba m'manja: na-mwi-no, ci-pa-ta-la, ka-te-me-ra.

Lembani zilembo zimene zasowa: na__no, si__lo, so__.

M'mawa namwino anayeza ana 4. Masana anayeza ana 3. Ana onse ndi angati?

Sewerani awiriawiri. Mmodzi akhale namwino, wina akhale wodwala. Namwino ayambe ndi kupereka moni. Kenaka afunse kuti, "Mukumva kupweteka pati?"

Jambulani namwino akuika mwana pa sikelo.

KWA MAKOLO

Amayi, abambo ndi agogo, mwana wanu akuwerengereni phunziroli madzulo ano. Ngati inu simudziwa kuwerenga, musacite manyazi. Mverani, ndipo mufunseni mafunso. Kutero ndi kumuthandiza kwakukulu.

Ena amadandaula kuti, "Mwana akayamba sukulu m'Cinyanja, Cipwitikizi adzacidziwa liti?" Musade nkhawa. Mwana amaphunzira kuwerenga msanga m'cilankhulo cimene amacimva. Cipwitikizi akuciphunziranso, poyamba pakamwa, kenaka m'mabuku. Namwino amafuna zonse ziwiri. Mabuku ake ndi mapepala a cipatala ndi a Cipwitikizi, koma odwala ambiri kuno kwathu amafotokoza ululu wawo m'Cinyanja.

Ana ambiri amasiyira sukulu panjira. Wina amapita kukaweta ng'ombe. Wina amatsala pakhomo kulera mng'ono wake. Wina amajomba nyengo yonse yokolola. Mwana wotere mawa sadzatha kulemba mayeso a unamwino. Mupatseni nchito za pakhomo akaweruka ku sukulu.

Mwana wamkazi musam'kwatitse akali wamng'ono. Lamulo la m'caka ca 2019 limaletsa ukwati wa munthu wosakwana zaka 18.

Mukamapita ku sikelo, tengani khadi la mwana. Pobwerako, muonetseni mwana wa sukuluyu manambala amene namwino walemba. Awerenge yekha makilo a mng'ono wake.