Chilezgi: Chinenero Chimene Mtsinje Unagawa

Ndili mu Fomu 2 ndinkadandaula nacho kwambiri Chilatini, poona dzina limodzi likusinthasintha: pater, patris, patri. Madandaulo anga anatha nditawerenga za Chilezgi, chinenero chimene dzina limasintha mathero ake m'njira 18. Taonani: buba ndiye kuti bambo, bubadin ndi “za bambo”, bubadiz ndi “kwa bambo”, ndipo bubadi amanena pamene bamboyo wachita kanthu pa munthu kapena chinthu china. Zonsezi mwana wa Chilezgi amazidziwa asanayambe n'komwe sukulu.

Alezgi amakhala m'mapiri a Caucasus, kumwera kwa Dagestan m'dziko la Russia ndi kumpoto kwa Azerbaijan. Kalembera wa 2010 anapeza Alezgi oposa 470,000 ku Russia, ndipo wa 2009 anapeza 180,000 ku Azerbaijan. Pakati pawo pamadutsa mtsinje wa Samur. Boma la Soviet Union litatha mu 1991, mtsinjewu unasanduka malire a maiko awiri, kotero kuti kukaona mbale kutsidya kapena kupita kumaliro kunayamba kulira ziphaso.

Vuto lina linali la zilembo. Poyamba Chilezgi chinkalembedwa m'zilembo za Chiarabu. Mu 1928 boma linabweretsa za Chilatini, ndipo mu 1938 linazichotsanso n'kuika za Chirasha. Taganizani, anzanga: pa zaka khumi zokha, kalata ya agogo mdzukulu osatha kuiwerenga!

Nanga chinenerochi chinapulumuka bwanji? Yankho ndinalipeza pa moyo wa Suleyman Stalsky (1869-1937), mlakatuli wa Chilezgi amene sankadziwa kulemba. Ndakatulo zake ankazipeka pamtima, anthu n'kumaziloweza. Mu 1934, pa msonkhano waukulu wa alembi ku Moscow, Maxim Gorky anamufanizira ndi Homer, mlakatuli wa Agiriki uja.

Lero bungwe la UNESCO limaika Chilezgi pa zinenero zimene zingathe kufooka, pakuti ana ambiri a m'mizinda akukula ndi Chirasha kapena Chiazeri. Apa ndi pamene pali phunziro langa. Malire ndi kusintha kwa zilembo sizinachiphe chinenerochi chifukwa chinali pakamwa pa anthu. Chimene chingachiphe ndi khomo limene mayi ndi bambo aleka kuchilankhula kwa ana awo. Makolo athu, nkhaniyi ndaisiya m'manja mwanu.