Chifukwa Chache Tikondwerera Kukwera Kumwamba kwa Ambuye

Anzanga, mwambo wathu ndi wakuti munthu akamachoka timalira. Amai ambiri kuno kumpoto analira pamene amuna ao anapita ku Joni kukagwira nchito m'migodi. Nanga Akristu akondwereranji pa tsiku limene Yesu anasiya ophunzira ache?

Tsikuli lifika Lachinai, tsiku la 40 powerenga kuyambira pa Pasaka. Luka asimba m'mutu woyamba wa Machitidwe a Atumwi kuti Yesu anakwezedwa pa Phiri la Azitona, ndipo mtambo unambisa.

Ine ndiona zifukwa zitatu. Choyamba, anakwera ndi thupi longa lathuli; tsono munthu, ngakhale wosauka, ali nao malo kwa Mulungu. Chachiwiri, anapita kukatipembedzera kwa Atate, monga nkhoswe iimira mbale wache pa mlandu. Chachitatu, analonjeza kutuma Mzimu Woyera, ndipo Mzimuyo anadzadi patapita masiku 10, pa Pentekoste.

Ophunzira aja anatsala chiyang'anire kumwamba, kufikira amuna awiri obvala zoyera anawadzidzimutsa. Nchito inali kuwalindira, yochitira umboni kufikira malekezero a dziko. Umboniwo unafika ndi kwathu kuno: Dr. Robert Laws anayamba Khondowe mu 1894, ndipo Dayosisi ya Katolika ya Mzuzu inakhazikitsidwa mu 1961.

Mitambo siisowa pa Mzuzu. Koma tikatuluka m'chalichi tsikulo, tisaime kuiyang'ana. Mnzathu wodwala m'dometori alindira womtungira madzi.