Musayambire pachitunda

Kufupi ndi phiri la Kongwe ku Dowa kuli bambo ena a zaka za m'ma 40 omwe paunyamata wawo ankapalasa njinga mpaka ku Mponela osamva kutopa. Atapeza ntchito yokhala pampando anagula njinga yamoto, khasu n'kusiyira aganyu. Zaka zinadutsa, mimba n'kutsogola. Ataona kuti kungomanga zingwe za nsapato kukuwachititsa wefuwefu, anatsimikiza zoyamba kuthamanga.

Akazi awo anawachonderera: "Bambo, mukayezetse kaye BP kuchipatala."

"Mayi, ine ndakulira m'mapiri momwe muno. Ndingaope kachitunda?" anatero bambowo.

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Ananyamuka cha m'ma 10 koloko, madzi osatenga, n'kulunjika pachitunda ndi liwiro la mnyamata. Asanafike pakati mtima unayamba kugunda ngati ng'oma, mpweya unawathera, m'maso munachita mdima. Anaima mwadzidzidzi ndipo anagwa. Amayi ochokera kunkhuni ndiwo anawatola. Kuchipatala anawapeza ndi BP yokwera kwambiri, yomwe anakhala nayo nthawi yaitali osadziwa.

Bambowa sanalakwe pofuna kulimbitsa thupi. Chinawagwetsa n'kuyesa mphamvu za lero ndi thupi la kale. Pokwera chitunda, minofu ya miyendo imafuna mpweya wochuluka, motero mtima umapopa magazi mwamphamvu ndipo BP imakwera. Kukatentha, thukuta limamaliza madzi m'thupi. Munthu akaima mwadzidzidzi, magazi amatsalira m'miyendo, ku ubongo n'kufika ochepa, ndiye chizungulire chimenecho.

Vuto la BP yokwera si la m'tauni mokha. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa akuluakulu atatu aliwonse m'Malawi anali ndi matenda a kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Nthawi zambiri matendawa sapweteka, n'chifukwa chake munthu amadziona wamphamvu.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti wamkulu azichita masewera olimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pamlungu. Ndiye kuti mphindi 30 patsiku, masiku 5. Koma woyamba kumene asafikire pamenepo. Yambani ndi kuyenda ndawala pamalo athyathyathya kwa mphindi 10 kapena 15, m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, mutamwa madzi. Muyeso wake ndi uwu: muzitha kulankhula ndi mnzanu mukuyenda. Mawu akayamba kudukaduka, chepetsani liwiro. Pomaliza musaime nthawi imodzi, yendani pang'onopang'ono mpaka mtima ukhazikike. Mlungu uliwonse muziwonjezera mphindi zochepa. Zitunda za ku Mvera ndi tinjira ta m'nkhalango ya Ntchisi mudzazipeza thupi litazolowera, pajatu pang'onopang'ono ndi mtolo.

Mukamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena kubanika kwachilendo, lekani pomwepo ndipo pitani kuchipatala. Ngati mwapitirira zaka 40, muli ndi shuga, mumasuta fodya kapena mwakhala nthawi yaitali osagwira ntchito yotulutsa thukuta, kayezetseni BP musanavale nsapato zothamangira. Kuyeza sikutenga nthawi, ndipo m'zipatala za boma n'kwaulere. Pitani sabata ino.